Knock Sensor, Kachipangizo Komva Kugogoda kwa Injini

Knock sensor ndi kachipangizo komangiriridwa ndi bawuti pa thupi la injini ya petulo, ndipo ntchito yake ndiyo kumvetsera. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, komatu injini imachenjeza: petulo akaphulika mosalongosoka m'kati mwa silinda, chitsulo chimanjenjemera, ndipo kamwala ka m'kachipangizoka, kamene kamabala magetsi pang'ono kakagwedezeka, kamatumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto, imene pomwepo imachedwetsa moto wa mapulagi kuti mapisitoni angaonongeke.

Eni ake a Toyota Corolla zonyamula anthu kuchokera kwa Mfumu Zingalume kunka ku Chadiza ndi ku Chipata ayenera kusamala kachipangizoka koposa, pakuti petulo wa m'zigubu wosadziwika gwero lake, katundu wolemera ndi zitunda ndizo zimautsa kugogodako. Kachipangizoka kakafa, nyali ya injini imayaka, galimoto imafooka pokwera, nimamwa petulo wochuluka, ndipo makina oyezera amasonyeza nambala P0325. Makaniko wanzeru amayamba wayang'ana mawaya, amene kutentha ndi makoswe amawadya. Akapeza ali bwino, kapena kachipangizo kali kong'aluka, pamenepo ndipo amasintha, osamanga bawutiyo mopitirira muyeso.