Khomo lotseguka, mlonda ali pomwepo: phunziro la ku Mua

Funso lakuti ndani aloledwe kuona chiyani silinayambe ndi makompyuta. Kwathu kwa Kachindamoto linabuka kalekale.

Ansembe a White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, anakangana ndi anyau kwa zaka zambiri. Ansembe ankafuna ana kusukulu, pomwe kudambwe kunali chiphunzitso chakechake chimene wosameta sankayenera kuchimva. Aliyense anatchinga khomo lake. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa Kungoni pamishoni yomweyo, ndipo lero m'nyumba ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Mlendo amalowa, koma ndi womuperekeza amene amamufotokozera ndi kumuuza pofika malire. Khomo linatseguka, mlonda sanachoke.

Boma la Kamuzu linatenga njira ina. Lamulo la 1968 linakhazikitsa Censorship Board, yomwe inaletsa mabuku ambirimbiri, ati pofuna kuteteza anthu. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu. Mawu akuti "chitetezo" anasanduka loko.

Sindikunena kuti mantha a oyang'anira malaibulale lero ndi opanda pake. Mu February 2024 Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowerera makompyuta opangira mapasipoti, ndipo ntchitoyo inaima kwa masabata. Nanji kompyuta ya mulaibulale, imene aliyense amalowetsamo fulashi yake, wina n'kuchokapo osatseka imelo? Walira mvula walira matope.

Koma taganizirani mtsikana wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka amene wakhoza MSCE, alibe laputopu, ndipo fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite ayenera kuilemba pa intaneti. Mukatsekera makompyuta m'kabati poopa mavairasi, kapena kutchinga masamba mwachisawawa, wolangidwa ndi iyeyo, osati wakuba uja.

Njira ya ku Mua ndi yotheka. Netiweki ya anthu onse ilekanitsidwe ndi yosunga zaofesi. Kompyuta izifufuta zonse munthu akangochokapo. Pakhale womuthandiza wobwera koyamba kusankha pasiwedi yolimba. Ndipo pasakhale kaundula wa zimene aliyense wawerenga, chifukwa kaundula wotereyo tinauona kale kumene unatifikitsa.

Anzanga amene mudzayang'anire malaibulale mawa, mudzasankhe: kukhala woperekeza wa ku Chamare, kapena Censorship Board yatsopano.