Gregor Townsend, Wosewera ndi Mphunzitsi wa Rugby ku Scotland

Gregor Townsend anabadwa mu 1973 ku Galashiels, tauni ya m'chigawo cha Borders kummwera kwa Scotland, kumene matauni oyandikana akhala akulimbirana ukatswiri wa rugby kuyambira kalekale. Anayambira kutimu yakwawo ya Gala, ndipo mu 1993 anayamba kusewerera dziko lake. Posiya timu ya dziko mu 2003 anali ataisewerera masewero 82, ambiri atavala nambala 10, malo a wosewera amene amasankha kolowera mpira.

Ankasewera molimba mtima, nthawi zina mopitirira muyeso, moti mpira womwe ena akadaumenyera kutsogolo iye ankathamanga nawo. Chimene anthu amamukumbukira nacho kwambiri chinachitika ku Paris mu 1995. Masewero ali pafupi kutha, France ikutsogola, adani awiri anamutchingira njira. Iye anangopinda dzanja n'kupatsira mpira chakumbali kwa mnzake Gavin Hastings, amene anauyatsa liwiro n'kukaugwetsa pakati pa zigoli. Scotland inapambana 23–21, koyamba kupambanira ku Paris chiyambire 1969, ndipo kapatsiridwe kameneko anthu anakatcha Toonie flip.

Mu 1997 anali nambala 10 wa British Lions m'masewero awiri oyamba amene anagonjetsa South Africa pakwawo. Mu 1999 Scotland inatenga chikho chomaliza cha Five Nations, Italy isanalowe mumpikisanowu, ndipo Townsend anagoletsa try polimbana ndi dziko lililonse mwa maiko ena anayi a mumpikisanowo. Anasewereranso matimu akunja monga Northampton, Brive, Castres ndi Sharks ya ku Durban.

Pa uphunzitsi, anathandizirapo timu ya dziko, kenako mu 2012 anapatsidwa Glasgow Warriors. Anaiphunzitsa kusewera mpira wothamanga, wopatsirana msangamsanga, ndipo mu 2015 inaswa Munster 31–13 ku Belfast n'kutenga chikho cha Pro12. Palibe timu ya ku Scotland imene inali itachitengapo.

Atakhala mphunzitsi wamkulu wa Scotland mu 2017, England ndiyo inauona kwambiri mkwiyo wake. Mu 2018 inagonja 25–13 pa Murrayfield. Chaka chotsatira pa Twickenham, Scotland inatsalira 31–0 koma masewero anatha 38–38, ndipo mu 2021 inapambana pabwalo lomwelo 11–6, zimene zinali zisanachitike chiyambire 1983. Chikho cha Calcutta Cup, chomwe maiko awiriwa amalimbirana chaka ndi chaka, chinakhala ku Scotland zaka zinayi zotsatizana, 2021 mpaka 2024.

Pampikisano wa dziko lonse zinthu sizinayende chimodzimodzi. Mu 2019 Scotland inatulukira mundime ya m'magulu itagonja kwa Ireland ndi Japan, ndipo mu 2023 inatulukiranso pomwepo itagonja kwa South Africa ndi Ireland. Kufikira mu 2024 Townsend anali asanatengepo chikho cha Six Nations, dzina la mpikisano wa Five Nations uja chilowereni Italy.