Mabuku onena za Chinua Achebe

Chinua Achebe (1930–2013) anali mlembi wa ku Nigeria, wa mtundu wa Igbo, yemwe anatchuka ndi buku la nthano la Things Fall Apart lomwe linatuluka mu 1958. Iye sanalembe buku limodzi lofotokoza moyo wake wonse, choncho wofuna kumudziwa bwino amayenera kuphatikiza zimene ena analemba ndi zimene mwiniwake ananena.

Mbiri ya moyo wake

Buku lomwe anthu ambiri amadalira ndi Chinua Achebe: A Biography (1997), lolembedwa ndi Ezenwa-Ohaeto, yemwe Achebe anamuphunzitsapo pa yunivesite ya Nsukka. Limayambira pa ubwana wake ku Ogidi, m'banja la mphunzitsi wa tchalitchi, n'kudutsa pa maphunziro ake ku Umuahia ndi ku Ibadan komanso ntchito yake ya pa wailesi. Mulinso nkhani ya mmene Things Fall Apart inatsala pang'ono kusowa. Achebe anatumiza zolemba zake za pamanja ku kampani yotayipa ku London, koma kampaniyo inangozisunga kwa miyezi mpaka bwana wake wa ku wailesi, Angela Beattie, anapita kukazilondola. Vuto la bukuli n'lakuti linatuluka zaka 16 Achebe asanamwalire, ndipo wolembayo amamulemekeza kwambiri moti samutsutsa kawirikawiri.

Terri Ochiagha, m'buku la Achebe and Friends at Umuahia (2015), anangosankha zaka za kusekondale, pamene Achebe anaphunzira pasukulu imodzi ndi alembi ena monga Chukwuemeka Ike.

Zimene ananena yekha

Maganizo ake pa ntchito yolemba ali m'mabuku a Morning Yet on Creation Day (1975) ndi Hopes and Impediments (1988). Achebe ankakhulupirira kuti mlembi ndi mphunzitsi, woyenera kuonetsa anthu ake kuti anali ndi mbiri ndi nzeru azungu asanafike. Anadzudzula Joseph Conrad kuti buku lake la Heart of Darkness n'latsankho. Pa nkhani ya chilankhulo anaikira kumbuyo kulemba m'Chingelezi, koma Chingelezi chosinthidwa kuti chinyamule miyambi ndi kayankhulidwe ka Igbo. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya anatsutsa mfundo imeneyi mu Decolonising the Mind (1986), ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero.

Mu Home and Exile (2000) amafotokoza mmene iye ndi anzake ku Ibadan anakanira buku la Joyce Cary la Mister Johnson, lomwe aphunzitsi awo ankalitamanda. Buku lake lomaliza, There Was a Country (2012), limakamba za nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970. Linautsa mapiri pachigwa ku Nigeria chifukwa linaimba mlandu Obafemi Awolowo woti anagwiritsa ntchito njala ngati chida cha nkhondo.

Mabuku osanthula nthano zake

Oyamba kumene angathandizidwe ndi The Novels of Chinua Achebe (1969) la G. D. Killam kapena Chinua Achebe (1990) la C. L. Innes. Reading Chinua Achebe (1991) la Simon Gikandi ndi lozama, ndipo limafuna munthu amene wawerenga kale nthano zonse zisanu.

Africa Writes Back (2008) la James Currey limaonetsa Achebe ngati mkonzi wa mabuku a African Writers Series kuyambira 1962 mpaka 1972. M'zaka zimenezo ndi pamene munatuluka No Easy Task (1966) la Mmalawi Aubrey Kachingwe.