Sukulu ya pa Khondowe ndi miyendo ya ana ake

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino tiyeni tikwere phiri.

Ukaima pa Senga Bay kunja kutayera, umaona mapiri a ku Cape Maclear tsidya lija. Kumeneko n'kumene amishoni a Free Church of Scotland anakocheza mu 1875 pa kasitima kotchedwa Ilala, dzina lomwe inadzatenga sitima ija tinazolowera kuiona pa Chipoka. Malungo atawavuta, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakatsegula sukulu pamwamba pa phiri la Khondowe, ku Rumphi. Inatchedwa Overtoun Institution, potengera Lord Overtoun amene ankathandiza ndi ndalama.

Kasukulu kochepa, koma ana ake anagwedeza maiko. Clements Kadalie anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. David Kaunda, bambo wa Kenneth Kaunda, anaphunzira komweko asanapite ku Chinsali. Levi Mumba anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Koma ine chimandigwira mtima ndi thupi la ana amenewa. Kunalibe zoti mwana angokhala pa desiki tsiku lonse. Akatuluka m'kalasi ankapala matabwa, kusema miyala, kulima, ena kusindikiza mabuku. Mpira wamiyendo umene tikuukuwira lerowu unafalikira m'dziko muno kudzera m'sukulu za mishoni ngati imeneyi. Ndipo masewero aakulu anali ulendo weniweniwo! Ana ankayenda pansi masiku angapo, katundu pamutu, kenaka n'kuyamba chikweza cha ku Chitimba. Amene munadutsapo pa msewu wa Gorodi, wokhotakhota ka 20 uja, mukudziwa kuti ngakhale galimoto imalira.

Mu 2003 Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP inatsegula yunivesite pamalo pomwepo.

Ndalemba izi chifukwa kwathu kuli mkangano. Mwana wanga wachisamba ali Folomu 4, amasewera ntchembere mbaye, ndipo bambo ake akuti asiye, akuti mpira ndi wa olephera sukulu. Dzulo usiku ndinawafotokozera za Khondowe. Anangoti "tiona", n'kupitiriza kudya nsima yawo. Mwanayo akuti akakhoza akufuna akaphunzire komweko, ndiye ine pano pamsika ndayamba kale kuwerenga mabeseni a usipa amene angakwanire fizi ya chaka chimodzi.