Mlandu Umene Unatsegula Zitseko za Sukulu

Owerenga, taganizirani mwana amene akumukaniza sukulu ya pafupi ndi kwao cifukwa ca khungu lake. Ndi mmene zinalili ku Topeka, m'dziko la America, kufikira Oliver Brown ndi makolo anzake anakasuma kukhoti. Pa 17 May 1954 oweruza onse 9 a Khoti Lalikulu anagamula kuti kupatula ana asukulu motsata mtundu ndi kuphwanya malamulo aakulu a dziko. Komatu ciweruzo cilibe miyendo. Mu 1957 bwanamkubwa wa Arkansas anatsekereza ana akuda 9 ku Little Rock, mpaka Pulezidenti Eisenhower anacita kutumiza asilikali okawaperekeza. Dziwani tsono kuti mau a khoti amateteza munthu pokhapokha olamulira atawamvera.