Tchalitchi cha Miyala cha mu Msewu wa Lobengula

Ansembe a chipani cha Ayezuiti anayamba kumanga tchalitchi cha Maria Woyera ku Bulawayo mu 1903, patangopita zaka khumi ufumu wa Lobengula utagwa. Anachimanga ndi miyala yosema, ndipo mazenera ake ndi osongoka kumwamba potsata mamangidwe a Gothic a ku Ulaya.

M'masiku a atsamunda, anthu akuda, kuphatikizapo matchona a ku Nyasaland, ankapemphera makamaka ku St Patrick's ku Makokoba. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anayendera tchalitchi cha miyalachi mu 1988. Mu 2013 chinakwezedwa kukhala basilika, ulemu umene zizindikiro zake ndi belu ndi ambulera ya mizere yofiira ndi yachikasu.

Lero adzukulu a matchona aja amagwada patsogolo pa guwa limene agogo awo ankalionera patali.