Dimba la m'mbali mwa Zambezi: kale ndi lero

Ku Tete mvula imagwa miyezi inai kapena isanu, ndipo zaka zina imadula cimanga cisanakhwime. M'mwezi wa Outubro dzuwa limaocha mpaka kupitirira madigiri 40. Anthu a cigwa cimeneci akadadalira munda wa kumtunda wokha, bwenzi njala itawabalalitsa kalekale. Cinawasunga ndi dimba.

Kalendala ya dimba inkalembedwa ndi mtsinje. M'dzinja Zambezi ankasefukira n'kumiza magombe ndi zilumba, ndipo madzi akamaphwa m'masika ankasiya matope akuda aconde, amene ambiri amati makande. Amai ankatsatira madziwo pang'onopang'ono ndi khasu, kubzala pomwe pangouma kumene: cimanga, nyemba, maungu, mbatata, therere. Panalibe kuthira manyowa, ndipo kuthirira kunali kocepa, poti cinyontho cinali pansi. Banja linkakolola kawiri pa caka, ndipo mvula ikalephera kumtunda, dimba ndilo linkadyetsa ana mpaka dzinja lina.

David Livingstone atafika ku Tete m'caka ca 1856 anaona ulimi umenewu ndi maso ake. Analemba kuti ngakhale tirigu ankabzalidwa comweco: mai akumba kadzenje, aponyamo njere zingapo, n'kukwirira ndi phazi. M'buku lake lina anafotokozanso cikhulupiriro ca anthu a kuno cakuti wobzala mtengo wa mango sacedwa kumwalira. Komabe mango anali mbwee, ndiye kuti panali ena osaopa, kapena mbeu zotayidwa zinkadzimerera zokha. Mango enieniwo kwao n'ku India, monganso cimanga, cinangwa, mbatata ndi matimati kwao n'ku America. Dimba lathu linalandira alendo ambiri, koma kacitidwe kake kanakhala ka makolo.

Cimene cinasokoneza zonsezi ndi madamu. La Kariba linatha mu 1959, ndipo la Cahora Bassa linayamba kumangidwa mu 1969 n'kutseka mtsinje kumapeto kwa 1974. Kumtunda kwa damulo nyanja yatsopano inatambalala mpaka kufupi ndi Zumbo, n'kumiza madimba a mibadwomibadwo. Anthu zikwi zambiri anasamutsidwira m'midzi yokakamiza ya Apwitikizi, ma-aldeamento, nthawi zambiri pa nthaka ya miyala kutali ndi madzi. Munthu wozolowera kukolola kawiri anatsala ndi munda umodzi wodikira mitambo.

Kumunsi vuto linali la mtundu wina, ndipo ndiganiza kuti ndilo limaiwalika kwambiri. Matope aconde anayamba kutsalira m'nyanja kuseri kwa khoma. Madzi anasiya kubwera pa nyengo yake, n'kumabwera pamene makina a magetsi afunira, magetsi amene ambiri ake amapita ku South Africa. Mu 1978 zitseko za damu zinatsegulidwa, cigumula n'kusesa midzi ndi minda kumunsi. Koma ngakhale m'zaka zopanda cigumula, madzi otulutsidwa m'cilimwe ankatha kumiza cimanga ca m'dimba cili pafupi kuca. Nzeru ya agogo yowerenga mtsinje inakhala ngati yacabe. Mu 2007 dziko lathu linatenga ulamuliro wa damuli m'manja mwa Portugal, koma kusefukira kwa pa nyengo sikunabwerere.

Dimba lakale tingalionebe m'mitsinje yaing'ono yosatsekedwa. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene kumazizira, mvula ikangotha anthu amatsikira m'madambo kukaunda mizere ya mbatatesi, kabici, anyezi ndi matimati, zambiri n'kukagulitsa ku Ulónguè ndi mumzinda wa Tete. M'mbali mwa Revúbuè, amene amacokera kumapiri komweko, amai amafukula mcenga mpaka apeze madzi, n'kumathirira ndiwo m'mamawa dzuwa lisanakwere. Amene ali ndi ndalama anagula kapampu ka petulo. Enawo akadali ndi ndowa pamutu.